Amene Anatsalira pa Nyanja Yachiwiri

Chimwalirireni bambo athu, mawu otsiriza m'banja mwathu amachokera kwa achimwene. Ine ndimakhala kwawoko, m'chipinda chaching'ono choyang'anizana ndi khitchini, ndipo amayi amakhala okha kutsidya lina la tauni. Nditapita kukawauza amayi kuti pali munthu amene akufuna kudzaonekera, sanafunse ngati ndimamukonda. Anafunsa ntchito yake. Atamva kuti ndi dalaivala wa basi, kuti mkazi wake anamwalira ndipo akulera yekha mwana wamkazi, anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

"Mwana wa mwini ndi wovuta kulera," anatero. "Kamve kwa achimwene ako."

Achimwene sakhulupirira zokhazika munthu pampando n'kumamufunsa mafunso. Amati pampando aliyense ndi munthu wabwino, mwamuna umamudziwira pachitunda. Kamodzi pamwezi amatsogolera kagulu ka anzawo kukakwera phiri, pa njira ija yozungulira imene imadutsa nyanja zitatu zing'onozing'ono za pamwamba n'kudzatulukira pamene yayambira.

"Abwere Loweruka," anandiuza. "Akandikhutiritsa, ndidzapita naye ndekha kwa amayi. Akapanda kutero, iye aziyendetsa basi yake, iwe uzikwera, nkhani ithere pasiteji."

Lachisanu masana, ana atatuluka m'kalasi mwanga, ndinalembera a Dalaivala uthenga.

"Mwapeza nsapato?"

"Ndabwereka kwa kondakitala wanga. Zikundithina chala chachikulu, koma tagwirizana kuti tipirirane mpaka mawa madzulo."

"Musaseke. Achimwene sachita nthabwala ndi phiri."

"Aphunzitsi, ine chitunda cha kumsika ndimakwera tsiku lililonse."

"Muli pampando."

"Komabe ndimafika."

Ndinaseka ndekha m'kalasi mopanda anthu. Tinadziwana chifukwa cha kuchedwa kwanga. M'mawa uliwonse ndinkatulukira pakona ndikuthamanga, chikwama chikundimenya m'chiuno, ndipo basi imene inali itayamba kale kusuntha inkaima. Okwera ankang'ung'udza, kondakitala ankamenya chitseko, koma a Dalaivala ankangoyang'ana pagalasi mpaka nditakhala pansi. Miyezi inatha tisanalankhulane china kupatula zikomo. Tsiku lina ndinalawira n'kukafika pasiteji basi isanabwere, ndipo ndikukwera anandifunsa motsitsa mawu ngati kunyumba kuli bwino.

Ndinaika foni m'thumba n'kupempha Mulungu zinthu ziwiri zokha: kuti alimbitse miyendo ya a Dalaivala, ndi kuti afewetse pakamwa pa achimwene. Chachiwiricho ndinachibwereza.

* * *

Tinafika poimika magalimoto dzuwa lisanakhudze nsonga za mitengo ya paini. Kunkazizira mpaka m'mafupa. Tinatsika atatu: achimwene, mkazi wawo amene ndimawatcha alamu, ndi ine. Anzawo a achimwene anali atafika kale, ndipo pakati pawo panali dokotala wa mano amene tonse timamutchula kuti a Zamano. Iwowa anaphunzira limodzi ndi achimwene. Amayi amawakonda chiwachotsereni dzino popanda kuwaliritsa. Anandifunsirapo kale, ine n'kukana mwaulemu, koma iwo anamva ngati ndati adikire.

A Dalaivala anali atakhala pamwala pambali, chipewa chili pabondo. Atationa anaimirira n'kupereka moni kwa achimwene ndi manja awiri. Achimwene anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zobwereka zija, kenako anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kutulutsa chikwama chachikulu chodzaza mabotolo.

"Mlendo amanyamula madzi a gulu lonse. Ndi lamulo lathu."

"Lamulo limeneli labadwa dzulo," alamu anandinong'oneza. "Ndinaona likubadwa. Mabotolo ena anachita kukagula."

A Dalaivala anaberekera chikwamacho kumsana, n'kudumpha pang'ono kuti chikhazikike. Sanatsinye nkhope.

"Bwana dalaivala," anatero a Zamano akupukuta kamera yawo yaitali, "kuno kulibe chiwongolero, kulibe mpando. Injini ndi inu nomwe."

"Ndiye tiyenda ndi giya yoyamba, adokotala. Imachedwa koma sizimitsa galimoto."

Anthu anaseka, ndipo ndinaona mlomo wa achimwene ukufuna kusuntha. Anaubweza msanga. Analoza chikwangwani chojambulidwa njira n'kufotokoza kuti tiyamba ndi mbali ya chitunda, tidzatsikira mbali yofatsa. Njira ndi imodzi yokha, palibe wosochera, ndipo timadikirana pa nyanja iliyonse.

"Tisananyamuke, aphunzitsi athu atipempherere," anatero.

Ndinapemphera mwachidule. Potsegula maso ndinapeza a Dalaivala akadali otsinzina, akumalizitsa lawolawo.

* * *

Njira inakwera mokhotakhota pakati pa mitengo, pansi pali masamba a paini ofewa ngati mphasa yakale. Posapita nthawi gulu linatambasuka. Achimwene anali kutsogolo ndi ndodo yawo, a Zamano pambuyo pawo akusimba za phiri lina lalitali limene anakwerapo kunja. Nditacheuka ndinaona a Dalaivala ali kumbuyo kwenikweni, kumbuyo kwa mayi wina wonenepa amene ankapuma pakhonde lililonse la miyala. Ndinaima ngati ndikukonza sokosi mpaka atandipeza.

"Chakulemerani?"

"Ayi. Chili bwino."

"Ndiye pitani kutsogolo, achimwene akuoneni."

"Ndayesa, aphunzitsi. Ndikangokhala kutsogolo msana ukundiyabwa. Kuno kulibe galasi loonera kumbuyo. Ndikungoona ngati ndasiya munthu pasiteji."

"Lero simuli pantchito."

"Khosi langa silikudziwa zimenezo."

Ndinafuna kukwiya, koma ndinalephera. Ndinayenda nawo kanthawi. Anatola golovesi limene wina anagwetsa n'kuliika m'thumba. Anagwira nthambi kuti isandikwapule. Pamalo pena mwala unagwedezeka ataupondapo, ndipo anawerama ndi katundu yense uja n'kuukankhira pambali, ngakhale kumbuyo kwathu kunalibe wina wobwera.

Nyanja yoyamba inatidzidzimutsa. Mitengo inangotha, ndipo madzi anali pamaso pathu, oyera moti timiyala ta pansi tinkaoneka ngati tili m'mbale. Ndinaviika chala n'kuchibweza msanga chifukwa cha kuzizira. Tinakhala pamiyala, achimwene n'kutsegula fulasiki ya tiyi, wina n'kugawa buledi ndi mazira owiritsa.

"Mwetulirani, aphunzitsi," anatero a Zamano atandilozetsa kamera. "Mano ngati amenewo ndi tchimo kuwabisa. Ndikulankhula monga katswiri."

"Jambulani nyanja, adokotala. Iyo sichita manyazi."

"Nyanja sindingaitengere kunyumba."

Maso anga anali pa a Dalaivala. Munthu amene anakhala pafupi ndi alamu anali atasenda dzira, ndipo alamu anatembenuzira nkhope kumadzi. A Dalaivala ananyamuka, n'kupempha munthuyo kuti asinthane malo poti pamwala pawo panali dzuwa labwino. Atakhala, anatulutsa lalanje m'thumba, n'kulisenda pang'onopang'ono, n'kupatsa alamu theka pamodzi ndi khoko lake. Alamu anagwira khokolo pafupi ndi mphuno. Ine ndinangoti ndi khalidwe lawo la masiku onse, ndipo mtima wanga unakondwa.

Ponyamuka achimwene anaitana.

"A Dalaivala, kuchoka pano muyende pambali panga. Ndikufuna ticheze."

Alamu anandifinya chigongono. Tonse tinkadziwa kuti achimwene saitanira munthu pambali pawo mwachisawawa.

* * *

Ndinayenda kumbuyo kwawo patali pang'ono, pongokwanira kuti mphepo izindibweretsera mawu ena. Achimwene anafunsa za mwana. A Dalaivala anati ali m'kalasi lachitatu, amakonda masamu, amadana ndi kupesedwa tsitsi, ndipo iwo anaphunzira kuluka kwa mayi woyandikana naye nyumba.

"Inu mumaluka tsitsi?"

"Mizere imakhota, koma imafika kumapeto."

Apa achimwene anaseka zenizeni, kuseka kumene sindinakumve kwa nthawi yaitali. Ndinayang'ana kumwamba n'kuthokoza.

Nyanja yachiwiri ili pamalo opanikizika, pansi pa thanthwe lalitali limene limatchinga dzuwa. Madzi ake ndi akuda, ndipo m'ming'alu ya miyala munali mutatsalira madzi oundana. Mitambo inali itayamba kuunjikana pansonga ya phiri. Achimwene anaiyang'ana n'kunena kuti pano tisaime, tikapumire pa nyanja yachitatu mvula isanatipeze. Anthu anadutsa mmodzimmodzi m'mphepete mwa madzi n'kuyamba kukwera masitepe a miyala.

Ndinaona khosi la a Dalaivala likutembenuka. Anayenda pang'ono, likutembenukanso.

"Pepani, achimwene, ndikupezani," anatero.

"Tikadali pakati pa nkhani."

"Ndikupezani posachedwa."

Anabwerera. Ine ndinkafuna kuwatsatira, koma achimwene anandikodola kuti ndiyende, ndipo pamasitepewo panalibe malo opatukira. Nditafika pamwamba ndinapeza a Zamano ataima pamphepete pa thanthwe, kamera italoza pansi kumene tachokera.

"Kuwala kwake n'kwabwino pano," anatero osandiyang'ana.

* * *

Nyanja yachitatu ndi yotakata, yozunguliridwa ndi udzu waufupi ndi timaluwa tachikasu, ndipo mitambo imayenda m'madzi mwake ngati nkhosa. Tsiku lina ndikadaikonda. Tsikulo ndinakhala pamwala nditafulatira madzi, maso ali kunjira.

Mayi wonenepa uja anafika. Ena onse anafika. Kunatsala awiri: alamu ndi a Dalaivala. Anthu anayamba kufunsa madzi akumwa, ndipo madzi onse anali kumsana kwa munthu amene sankaoneka.

"Mkazi wanga amakwera phirili ngati mbuzi," anatero achimwene akuyendayenda. "Ngati wachedwa, ndiye kuti akudikira birimankhwe wakoyo. Mtima wake ndi wofewa, sangasiye munthu atagona panjira."

"Mwina giya yoyamba ija yakana," anatero a Zamano.

"Sanatope," ndinatero. "Ndinawaona. Sanatope."

"Nanga n'chiyani?"

Ndinapinda manja m'jekete n'kupemphera popanda mawu.

Atatulukira, alamu anali kutsogolo akuyenda pang'onopang'ono, atavala jekete la a Dalaivala pamwamba pa lawo. A Dalaivala anali kumbuyo ndi malaya okha, chikwama cha madzi kumsana, cha alamu pachifuwa. Milomo yawo inali itatuwa ndi kuzizira.

"Ndinazizidwa, ndinakhala pansi kuti ndipume," anatero alamu asanafunsidwe.

"Usamubisire, iwe," anatero achimwene. "Ndi liti unapumapo pa nyanja yachiwiri?"

Anatembenukira kwa a Dalaivala, kudikira kuti adziteteze. A Dalaivala anatula chikwama, n'kuyamba kugawa mabotolo, aliyense lake m'manja.

"Pepani chifukwa chokudikiritsani," anatero.

* * *

Mbali yotsikira ndi yaitali koma yofatsa. Imadutsa m'dambo, kenako imatsata kamtsinje kotuluka m'nyanja ija mpaka kulowanso m'mitengo. Mvula inangowaza pang'ono n'kuleka. Achimwene anayenda ndi mkazi wawo kutsogolo, ndipo ine ndinatsalira dala.

"Mwayi unali m'manja mwanu," ndinatero. "Achimwene anaseka. Mukudziwa kuti zimenezo sizichitika kawirikawiri?"

"Ndikudziwa."

"Nanga chinachitika n'chiyani kumbuyoko?"

Anakonza lamba wa chikwama paphewa.

"Aphunzitsi, zimene wokwera wakuuza zimatsala m'basi. Sindinatsalire chifukwa cha kutopa. Zokhazo ndi zimene ndingakuuzeni, ndipo ndikupempha kuti zikukwanireni."

"Zikapanda kundikwanira?"

"Ndiye mundikwiyire. Koma mukwiye muli pafupi, kuti ndizikuonani."

Ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti akutsimphina. Ndinawalamula kuti akhale pamwala wa m'mphepete mwa kamtsinje. Anakana, ndinaumirira, ndipo atavula nsapato ndinapeza thuza litaphulika pachala, sokosi itamatirira.

"Kuyambira liti?"

"Nyanja yoyamba. Nsapato zaphwanya pangano."

Ndinatulutsa pulasitala m'chikwama changa. Anafuna kudzimata okha, akuti si bwino mphunzitsi kugwira phazi la dalaivala.

"Ndimamanga zilonda za ana tsiku lililonse. Iwo salankhula zambiri chonchi."

Anatambasula phazi. Ndinatsuka chalacho ndi madzi ozizira a mumtsinje, n'kuchipukuta ndi kansalu kanga. Nditakweza maso ndinapeza akuyang'ana kutali, maso atanyowa.

"Chikupweteka?"

"Ayi. Kungoti papita nthawi munthu asanandifunse zimenezo."

Tisananyamuke anati mwana wawo anawatuma mwala wa kuphiri, ndipo anaiwala kutola pamwamba. Ndinasankha kamwala kosalala kobiriwira mumtsinjemo.

"Mumuuze kuti kachokera kwa aphunzitsi."

"Adzafunsa kuti aphunzitsi ake ati."

"Mumuuze kuti adzawaona."

Tinali omaliza kutulukira poimika magalimoto, pa chikwangwani chomwe chija. Achimwene analandira chikwama chawo, n'kuyang'ana mapewa a malaya a a Dalaivala amene anali atanyowa ndi thukuta m'mizere ya malamba. Anayang'ananso phazi lotsimphinalo.

"Kuchedwa munachedwa," anatero. "Koma madzi anafika, ndipo sindinamve mukudandaula. Kwerani. Lero muyendetsedwe."

M'galimoto a Dalaivala anakhala kutsogolo, phazi lawo likuponda buleki imene kulibe pakona iliyonse, mpaka achimwene anawauza kuti akapitiriza aboola pansi. Powatsitsa achimwene anati, "Ndiganizira. Mwina sabata yamawa." Alamu anandigwira bondo mumdima wa kumpando wakumbuyo.

* * *

Lamlungu titabwera kutchalitchi, achimwene anagona pampando wa pabalaza, ine ndi alamu tinali kukhitchini. Ndinkatsuka mbale, iwo atakhala patebulo akusenda lalanje. Anadzuka n'kukankha chitseko.

"Mlamu, khala pansi."

Ndinapukuta manja n'kukhala.

"Ndili ndi pakati."

Ndinatsala pang'ono kufuula, koma ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkhira lalanje. Alamu anali atapitapo padera kawiri. Ulendo wachiwiri achimwene anali atapenta kale chipinda, atagula kabedi, atauza aliyense mpaka alonda a kuntchito kwawo. Zitachitika, ankabwera kunyumba n'kukhala m'galimoto mugalaja nthawi yaitali, injini itazima, asanalowe.

"Sindingathe kumuonanso choncho," anatero alamu. "Mwezi umene mimba zina zija zinandichokera sunadutse. Adokotala akuchipatala akuti masabata angapo, tikadutsa pamenepo tingapume. Ndikufuna ndidzamuuze nkhani imene ikhale."

"Nanga munakwereranji phiri?"

"Anati kuyenda pang'onopang'ono sikuvuta. Komanso ndikadakana akadafunsa chifukwa, poti sindijomba. Ndipo ndimafuna kuti ukhale ndi munthu kumbali yako."

Anafotokoza kuti pa nyanja yachiwiri anachita chizungulire, n'kukhala kuseri kwa mwala. Anaona gulu lonse likukwera masitepe, mwamuna wawo yemwe, popanda wocheuka. Mawu oitanira analibe. Kenako anamva mabotolo akugundana, akubwerera.

"Sanandifunse kanthu. Anandiveka jekete, anandipatsa madzi, n'kukhala pambali. Patapita nthawi anangoti, 'Malemu mkazi wanga nayenso fungo la dzira linkamuvuta.' Ndinalira, mlamu. Ndinalira ngati mwana, paphewa pa munthu amene ndamuona tsiku lomwelo. Ndinamupempha kuti asauze munthu, ngakhale za chizungulire, chifukwa achimwene ako akangomva mawu amenewo adziwa. Ulendo watha zinayamba choncho."

"Ngakhale ine sanandiuze."

"N'chifukwa chake ndakuuza ndekha. Munthu ameneyo usamutaye."

Ndinalonjeza kuti pakamwa panga pakhala potseka. Tinagwirana manja pamwamba pa makoko a lalanje n'kupempherera kamwanako motsitsa mawu, kuti Mulungu akagwire ndi manja awiri.

Tisananene ameni chitseko chinatseguka.

* * *

Achimwene anaima pakhomo, foni ili m'manja. Anaiika patebulo pakati pathu. Chinali chithunzi chojambulidwa kuchokera pamwamba: madzi akuda, mwala, alamu atavala jekete lachimuna, mutu utagona paphewa la a Dalaivala, dzanja la a Dalaivala lili pamsana pawo. Zithunzi zina zonse a Zamano anatumiza kugulu. Ichi anatumizira achimwene okha, ndipo pansi pake analemba kuti, "Sindikunena kanthu, mnzanga. Ndangoti uone."

"Ndipatse nambala yake," achimwene anandiuza.

Anaimba, n'kutsegula mawu kuti tonse timve. Inaitana pang'ono. Kumbuyo kunkamveka kamwana kakufunsa ngati mwala umamera ukauthirira.

"Pita ukasewere panja, mayi," anatero a Dalaivala, kenako, "Ndikumva, achimwene."

"Musanditchule choncho. Ndili ndi chithunzi pano. Mkazi wanga wagona paphewa panu pa nyanja yachiwiri. Ndiuzeni."

"Chithunzicho n'choona, bambo. Choipa palibe chimene chinachitika, Mulungu ndi mboni. Koma chifukwa chake si changa kuti ndinene."

"Ndiye n'cha yani?"

Ndinadziwa kuti sayankha, chifukwa yankho lililonse likadaloza alamu. Achimwene anatembenukira kwa mkazi wawo. Dzanja la alamu linanyamuka kupita kumimba, n'kuima m'mphepete mwa tebulo.

"Ndinkalira," anatero. "Ndinakumbukira ana athu aja. Iye anangondipeza."

Nkhope ya achimwene inasintha. Mkwiyo unachoka, n'kubwera china chimene chinandipweteka kwambiri kuchiona.

"Chaka chonse sunalirepo pamaso panga," anatero pang'onopang'ono. "Ndinkati mwina wachira. Ukalirira paphewa la mlendo, langa lilipo?"

"Bambo, ine..."

Ndinaona kuti anena. Milomo inali itatseguka kale. Akadanena, a Dalaivala akadayera pomwepo, ndipo sabata yamawa achimwene akadawaperekeza kwa amayi akuimba nyimbo. Koma mawa lake akadagulanso penti. Ndinalowetsa dzanja pansi pa tebulo, n'kugwira la alamu, n'kulifinya. Anandiyang'ana, ndinapukusa mutu pang'ono, ndipo anatseka pakamwa.

Achimwene anatola foni.

"Simunaphwanye lamulo lililonse, a Dalaivala. Koma munthu amene tsiku loyamba lomwe ali kale ndi chinsinsi ndi mkazi wanga, ine sindingamulowetse m'banja. Kwa amayi sindipita nanu. Mlongo wanga musiyeni."

"Ndamva, bambo," anatero a Dalaivala. "Ndingopempha chimodzi. Akazi anu muwasamale."

"Musandiphunzitse."

Anadula. Anatenga makiyi pa msomali n'kutuluka, ndipo tinamva galimoto ikubwerera m'mbuyo mpaka kumsewu.

* * *

Alamu analira mwakachetechete, mutu uli pamikono.

"Akabwera ndimuuza," anatero. "Sindingakuphere banja chifukwa cha mantha anga."

"Simumuuza. Masabata angapo si zaka. A Dalaivala amadziwa kudikira, ndipo ine ndiphunzira."

Ndinawatenthetsera madzi, n'kuwaperekeza kuchipinda kuti akagone. Nditabwerera ndinapeza uthenga pafoni yanga.

"Musawakwiyire achimwene anu. Ndi munthu wopwetekedwa. Inu muli bwanji?"

"Alamu andiuza zonse," ndinayankha. "Pepani kuti ndinakukayikirani pamtsinje paja."

"Munandikayikira mukundimanga chala. Kukayikira kotero ndingakupirire."

"Mudikira?"

"Ndidikira."

Ndinamalizitsa mbale mtima utakhazikika pang'ono. Dzuwa linali litapendeka, likulowa pazenera la khitchini, pamene foni inaitananso. Anali amayi. Alamu anali atadzuka, ataima pakhomo ndi kapu m'manja.

"Achimwene ako ali kuno," anatero amayi. Mawu awo anali opepuka ngati a munthu amene watula mtolo. "Andiuza kuti za dalaivala zija zatha, ndipo ndathokoza Mulungu. Tsopano tamvera. Adokotala a mano aja akhala akundipempha kwa nthawi yaitali kuti akukwatire, ine ndikuwaletsa chifukwa cha iwe. Lero ndawavomera. Lamlungu likubwerali akubwera kuno ndi akuluakulu akwawo. Uvale bwino, ndipo usachedwe monga umachitira."

"Amayi, ine sindinavomere."

"Udzanena pamaso pa alendo ngati uli ndi mtima wondichititsa manyazi."

Anadula. Ndinakweza maso. Alamu anali atamva zonse. Iwo ankafunika masabata angapo. Ine ndinali nditatsala ndi imodzi.